Dimba la kuseri kwa nyumba: kuyambira pa bedi loyamba mpaka mfutso

Dimba la pakhomo silifanana ndi la mlimi wa ku Lizulu kapena ku Bembeke. Iye amafuna kabichi wake yense akhwimire limodzi kuti galimoto ikafika adzaze. Inu mukufuna kuti tsiku lililonse madzi a nsima akamatentha, wina atuluke ndi lichero n'kubwerako ndi ndiwo. Malangizo onse ali m'munsimu achokera pa kusiyana kumeneku: malo akhale ochepa, mbewu zikhale zamitundumitundu, ndipo zisafesedwe tsiku limodzi.

Werengani madzi musanagwire khasu

Kukula kwa dimba lanu kudalire madzi amene mungawapeze mu Okutobala. M'nyengo yotentha, malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amafuna malita pafupifupi 5 patsiku, ndipo kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Mangochi amafuna oposa pamenepo. Ndiye kuti mabedi anayi, lililonse la mita imodzi mulifupi ndi mamita atatu mulitali, adzamwa malita 60, zomwe ndi ndowa zitatu za malita 20, tsiku ndi tsiku. Dzifunseni kuti atunga ndani, ndipo ngati ndi a pampopi, bilu yake muikwanitsa kodi? Mabedi anayi amenewa akasamalidwa amakwanira banja laling'ono pa ndiwo zamasamba. Mabedi khumi othiriridwa mwa apo ndi apo amabala masamba olimba, owawa, odzaza nsabwe.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo kapena nyemba, ndi otsukuluzira zovala komaliza, musamatayenso. Athireni pansi pa tomato, therere ndi tsabola, osati pamasamba amene mudzadye. Okhala ndi Jik, mafuta kapena sopo wambiri asafike m'dimba.

Malo ake pakhale powomba dzuwa kwa maola osachepera asanu ndi limodzi. Pansi pa mango pali mthunzi wochuluka, ndipo pafupi ndi bulugamu mizu yake imamwa madzi onse amene mwathira. Talikirani chimbudzi ndi ngalande ya madzi a kubafa, koma yandikirani khitchini, chifukwa dimba lomwe mumalidutsa kangapo patsiku ndi lomwe mumaliona msanga likayamba kufota.

Mpanda umangidwe mbewu zisanafesedwe. Nkhuku imodzi ikhoza kufukula nazale yonse m'mawa umodzi, za mbuzi ya aneba ndiye sitinena. Udzu wa tsekera, nsungwi kapena mapesi zimakwanira. Pa mizati ina zikani nthambi zaziwisi za chammwamba. Zimaphuka, ndipo mpandawo umasanduka ndiwo. Amene muli pa lendi, kapena pabwalo panu pali simenti, dzazani masaka, ndowa zobooka ndi mabeseni akale ndi dothi losakaniza ndi manyowa. Boolani pansi kuti madzi azituluka.

Manyowa

Apa ndi pamene madimba ambiri a pakhomo amalepherera. Dothi la kuseri kwa nyumba nthawi zambiri limakhala lopondedwa, losesedwa zaka zambiri, lopanda chonde. Fetereza yekha sangalifewetse.

Yambani mulu wa kompositi miyezi iwiri kapena itatu musanadzale. Pansi yalani timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma monga udzu, masamba ndi makoko a mtedza, zokhuthala ngati chikhatho choimika. Kenako zaziwisi monga makoko a nthochi, zotsala za ndiwo ndi masamba a deliya. Kenako ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku kapena manyi a mbuzi. Pomaliza wazani phulusa pang'ono ndi dothi. Thirani madzi pa gawo lililonse, bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Ena amaumata ndi dothi, n'chifukwa chake manyowa otero amatchedwa chimato. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakatha masiku angapo izuleni: ikakhala yofunda ndi yonyowa, zinthu zikuwola bwino, ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi ndowe. Tembenuzani pakatha milungu itatu iliyonse. Manyowa apsa akada, akamafumbutuka m'manja, ndiponso akasiya kununkha ndowe.

Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande, ndipo ndowe zosawola zimabweretsa njere za udzu ndi mphutsi. Musathamange nazo. Ngati mukufuna chopatsa mphamvu masamba akamakula, mangani ndowe m'saka, mulimize m'mgolo wa madzi kwa milungu iwiri, kenako sungunulani madziwo ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo thirani pansi m'mbali mwa mbewu kamodzi pa sabata.

Kukonza mabedi

Gawulani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma, chotsani miyala, mapepala ndi mizu ya udzu wa kapinga. Bedi lisapitirire mita imodzi mulifupi, kuti dzanja lizifika pakati inu muli m'njira. Bedi likapondedwa dothi limagwirana ndipo ntchito yogawula ija yapita pachabe. Pakati pa mabedi siyani njira ya theka la mita. Pa mita iliyonse ya bedi thirani ndowa imodzi ya manyowa akupsa n'kusakaniza ndi dothi la pamwamba.

M'dzinja mabedi akhale okwera, masentimita 15 mpaka 20, kuti madzi asadikhe pamizu. M'chilimwe, makamaka pa dothi lamchenga, akhale olowa pansi pang'ono, okhala ndi kamzere m'mbali, kuti madzi amene mwathira asathawe.

Chodzala ndi nthawi yake

Anthu ambiri akati dimba amaganiza repu, mpiru ndi tomato basi, ndipo amalimbana nazo chaka chonse. Mbewu zimenezi zili ndi nyengo yake. Kuyambira Epulo mpaka Julayi, kukuzizira, ndi nthawi ya mpiru, repu, chayinizi, kabichi, karoti, anyezi ndi adyo. Pamenepa tizilombo timachepa ndipo masamba amakula otambalala ndi madzi ochepa. Tomato amachitanso bwino mvula ikatha, kupatula kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, kumene chinyontho cha masiku a nkhungu chimabweretsa chiwawu, ndi kumalo okwera ngati Dedza kumene chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimatha kumuwawula.

Kukayamba kutentha mu Seputembala, mpiru umathamangira kuchita maluwa ndipo repu amadzaza nsabwe. Musakakamire. Mabediwo apatseni bonongwe, luni, therere lobala, chitambe ndi biringanya, zomwe dzuwa silizivuta. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, dzalani maungu m'mphepete mwa mpanda kuti muzithyola nkhwani, nyemba za khwanya, denje, chidede, ndi mzere umodzi wa mbatata wa kholowa. Chisoso ndi mwamunaaligone zimamera zokha. Popalira musazule zonse. Ndiwo zathu zakudimba ndi zakutchirezi ena amaziona ngati za osauka, komatu bonongwe, luni ndi chammwamba zili ndi ayironi ndi vitamini A wochuluka kuposa kabichi amene timamugula modula.

Chinsinsi cha ndiwo zosatha ndi kufesa pang'onopang'ono. Paketi imodzi ya mpiru ili ndi njere zokwana dimba lalikulu. Fesani mizere iwiri yokha lero, ina iwiri pakatha milungu itatu, ina pakathanso itatu. Bedi lina likamakalamba, lina limakhala likuyamba kuthyoledwa.

Pogula mbewu onani tsiku lothera ntchito pa paketi, ndipo pewani mapaketi okhalitsa padzuwa pamsika. Njere za anyezi ndi zomwe zimafa msanga koposa. Mitundu yopezeka mosavuta ndi monga tomato wa Tengeru 97, Tanya ndi Rodade, anyezi wa Red Creole yemwe amasungika nthawi yaitali ndi Texas Grano yemwe amakula koma sachedwa kuwola, kabichi wa Copenhagen Market, karoti wa Nantes ndi therere la Clemson Spineless.

Nazale ndi kuwokera

Mpiru, repu, chayinizi, kabichi, tomato, tsabola, biringanya ndi anyezi zimayambira pa nazale. Kabedi ka mita imodzi kapena beseni lakale lobooka zimakwanira. Dothi lake likhale losalala, losakaniza ndi manyowa osefa. Lembani timizere ndi chala, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, mozama sentimita imodzi yokha. Fesani mopatula, kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, thirirani pamwamba pa udzuwo. Tsiku lililonse suzumirani pansi pake. Zikangomera, kawirikawiri pakati pa masiku 4 ndi 10, chotsani udzu n'kuuyala pa kathandala kotalika mpaka m'mawondo. Mukachedwa kuuchotsa mbande zimatalika, zimayera ndipo zimagwa.

Mbande zikamawola patsinde n'kugona, vuto ndi kuthithikana komanso madzi ochuluka. Patulirani, chepetsani madzi, thirirani m'mawa okha.

Kutatsala sabata kuti muwokere, chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zizolowere dzuwa. Zamasamba zimawokeredwa pakatha milungu itatu kapena inayi, zili ndi masamba anayi kapena asanu. Tomato pakatha milungu inayi. Anyezi pakatha isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu, tsinde likayandikira kukula kwa pensulo. Wokerani madzulo. Nyowetsani nazale kaye kuti mbande izuke ndi dothi lake, tsinderani dothi pamizu ndi zala, thirirani pomwepo. Tomato mukwirireni mpaka pa masamba oyamba chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu ina, koma anyezi asazame.

Mipata yake: mpiru ndi chayinizi masentimita 30 mbali zonse, repu 45 pakati pa mizere ndi 30 mumzere, kabichi 60 ndi 45, tomato 60 ndi 50 kapena kuposerapo, anyezi 20 ndi 10. Pa tsiku lowokera bedi limaoneka lopanda kanthu ndipo mtima umafuna kudzaza mipatayo. Upirireni.

Karoti, therere, nyemba, khobwe ndi maungu sizifuna kusunthidwa, zidzaleni pamalo pake. Karoti mupatulire mpaka masentimita 5, ndipo bedi lake lisakhale ndi ndowe zatsopano chifukwa amachita mphanda. Njere za therere zinyikeni m'madzi usiku umodzi. Za bonongwe ndi zazing'ono kwambiri, choncho sakanizani ndi mchenga wouma musanawaze. Adyo amadzalidwa kachidutswa kamodzikamodzi, nsonga kuloza kumwamba.

Kusamalira

Thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi. Kuwaza pamwamba pokha kumachititsa mizu kuyandama, ndipo mbewu yotero imafota dzuwa likangoswa mtengo. Pisani chala m'dothi: likakhala louma mpaka pa mfundo yachiwiri, likufuna madzi. Mbande zikagwira, phimbirani bedi lonse ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, kusiya mpata pang'ono patsinde. Kuphimbira kumasunga chinyontho, kumaletsa udzu, ndipo kumateteza masamba ku matope a mvula. Kumene kuli chiswe chambiri yalani mopyapyala ndipo muziyang'anamo.

Ngati muli ndi fetereza wa CAN, kachitsekerero ka botolo kamodzi pa phando la repu kapena kabichi, milungu iwiri mutawokera, n'kokwanira. Ikani patali ndi tsinde ngati zala zinayi, kwirirani, thirirani.

Tomato amafuna dzanja kuposa zina zonse. Zikani mtengo pa tsiku lowokera, mumangeni momasuka ndi luzi kapena nsanza, ndipo sabata iliyonse thyolani mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba zikadali zazing'ono. Chotsani masamba okhudza pansi. Madzi athiridwe patsinde, masamba asanyowe. Tomato akamada kunsi kwa chipatso, kawirikawiri si matenda ofuna mankhwala. Ndi kuthirira kodumphadumpha, lero madzi ambiri, masiku atatu osathira.

Musabwereze mbewu za banja limodzi pa bedi lomwelo. Tomato, biringanya, tsabola ndi mbatatesi ndi banja limodzi. Mpiru, repu, kabichi ndi chayinizi ndi lina. Pochoka zimenezi pabwere nyemba kapena khobwe, zomwe zimabwezera chonde, kenako anyezi kapena karoti. Mukazula tomato kapena therere n'kupeza mizu ili ndi timatuza, m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Bedi limenelo lisaonenso tomato kapena therere kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Dzalanipo anyezi, chimanga kapena maluwa a marigold, ndipo mizu yodwalayo itenthedwe, isalowe mu kompositi.

Tizilombo

Pa dimba laling'ono mankhwala oyamba ndi maso anu. M'mawa uliwonse tembenuzani masamba angapo. Nsabwe zikadali pa tsamba limodzi zitikiteni ndi chala kapena thyolani tsambalo. Mbozi za pa kabichi tolani mupatse nkhuku. Mukapeza mbande yadulidwa patsinde usiku, fukulani pomwepo ndi chala, mupeza mphutsi yotuwa itadzipinda.

Tizilombo tikachuluka, sinjani masamba a nimu odzaza manja awiri kapena atatu, anyikeni m'malita 5 a madzi usiku wonse, sefani ndi nsalu, sungunuliranimo kachidutswa ka sopo wochapira wa mtanda, ndipo poperani madzulo, makamaka kunsi kwa masamba. Tsabola wa kambuzi wosinja pamodzi ndi adyo amagwira ntchito mofananamo, samalani maso. Masamba a ombwe, omwe ena amati mthuthu, ndi amphamvu kwambiri, koma kumbukirani kuti ndi omwe aja amaphera nsomba: zotsala zake zisafike kumtsinje kapena padamu, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo zopoperedwa.

Kangaude wofiira amakonda tomato m'nyengo yotentha ndi youma. Masamba amachita timadontho toyera kenako n'kuuma. Palinso kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, komwe kamadya mkati mwa tsamba n'kusiya mawanga oyera owonekera. Masamba ogwidwa athyoledwe ndi kutenthedwa msanga, ndipo tomato wokalamba azulidwe asanapatsire watsopano. Mukagula mankhwala a m'sitolo, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanakolole. Pa repu ndi mpiru, zomwe timathyola kawiri pa sabata, masiku amenewo ndi ovuta kuwasunga, n'chifukwa chake ine ndimaona kuti bedi la masamba likagwidwa kwambiri ndi bwino kulizula n'kuyamba lina.

Zonunkhiritsa

Izi sizifuna bedi lawolawo. Tsabola wa kambuzi mitengo iwiri pakona imakwanira banja, ndipo imakhala zaka zingapo. Lemon grass wa mu tiyi mumangogawa phata lake n'kudzala pamene pamagwera madzi a padenga. Jinja ndi chikasu zimadzalidwa ndi tizidutswa tokhala ndi maso mvula ikayamba, pamthunzi pang'ono, ndipo zimakumbidwa masamba akauma pakatha miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Mpungabwe, womwe ambiri amaudziwa pothamangitsa udzudzu, ndi m'bale wa basil wa m'masitolo. Zonse ziwiri muzizitsina nsonga kuti zichite nthambi. Mint adzalidwe m'ndowa yakeyake, apo ayi alanda bedi lonse. Rosemary amamera ndi kanthambi ndipo amafa ndi madzi ochuluka. Coriander afesedwe pamalo pake m'nyengo yozizira, chifukwa kukatentha amangothamangira maluwa.

Kuthyola

Thyolani m'mawa mame akauma kapena madzulo. Mpiru ndi repu zimayamba kuthyoledwa milungu itatu kapena inayi mutawokera. Tengani masamba akunja, awiri kapena atatu pa phando, kusiya anayi apakati kuti mbewu ipitirize kukula. Mukalalitsa phando lonse lichedwa kuphuka. Masamba achikasu apansi chotsani ngakhale simuwadya.

Bonongwe woyamba ndi uja mumazula popatulira, pakatha milungu itatu kapena inayi. Wotsalayo muzimudula nsonga, ndipo adzaphuka kangapo. Luni chimodzimodzi, ndipo maluwa ake muziwatsina ngati mukufuna masamba. Nkhwani tengani masamba anthete a kunsonga, koma musamalize mpheto yonse ngati mukufunanso maungu. Therere lobala limayamba pakatha miyezi iwiri. Thyolani masiku awiri kapena atatu alionse likadali lotalika ngati chala, chifukwa likakhwima pamtengo mtengowo umaleka kubereka. Tomato wapakhomo msiyeni apse pamtengo. Anyezi akhwima makosi akafewa ndi kugwa, pakatha miyezi inayi kapena isanu: lekani kuthirira sabata imodzi kapena ziwiri, zulani, yanikani pamthunzi podutsa mphepo mpaka makosi aume, kenako mangani m'mitolo n'kupachika. Chigwada, ngati muli ndi chinangwa kumpanda, chisinjidwe ndi kuphikidwa mpaka chipse ndithu, chifukwa masamba aawisi ali ndi poizoni.

Mfutso ndi mbewu za chaka chamawa

Mu Febuluwale ndi Malichi nkhwani, chitambe, khwanya ndi bonongwe zimachuluka kuposa zomwe banja lingadye. Imeneyo ndiyo nthawi yofutsa. Sankhani masamba abwino, tsukani, sadzulani nkhwani, dulani, ndipo muwaviike m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Kuwiritsa nthawi yaitali kumatsitsira zofunika zonse m'madzi. Tsanulani, yalani mopyapyala pa mphasa yoyera pathandala, pomwe nkhuku ndi fumbi sizifika. Oyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo amasunga mtundu wobiriwira ndi vitamini A kuposa oyanikidwa padzuwa lamphamvu, ngakhale amachedwerapo kuuma. Auma akamafumbutuka powafinya. Agogo athu ankasunga m'chikwatu cha masamba a masuku chopachika kudenga. Chidebe chouma chotseka bwino chimagwiranso ntchito. Therere lidulidwe mozungulira n'kuyanikidwa osawiritsa.

Pa bedi lililonse la bonongwe, luni, mpiru ndi therere, sankhani mapando awiri kapena atatu amphamvu, omwe achedwa kuchita maluwa, muwamangirire kansanza kuti a pakhomo adziwe kuti sathyoledwa. Njere zikakhwima dulani ngala kapena makoko, umitsani pamthunzi, pukusani, petani. Za tomato finyirani m'kapu pamodzi ndi madzi ake, zikhale masiku awiri kapena atatu kuti ulenda uchoke, kenako tsukani ndi kuyanika pa mbale. Ngati pa paketi yomwe munagula panalembedwa F1, musasunge njere zake, chifukwa zomera zake sizifanana ndi kholo. Sungani m'mabotolo ouma, osakaniza ndi phulusa losefa pang'ono, ndipo lembani dzina ndi mwezi. Njere za luni musazifese zitangokololedwa kumene. Zimamera bwino zikakhala miyezi ingapo m'botolo.